Mzere umene unasiyanitsa Bonifasiyo ndi mbuzi zake

Sindikonda kulankhula zambiri. Koma nkhani iyi anthu akuipotoza ku Chipera konse, ndiye kuli bwino ndiinene ndekha.

Tili ndi bungwe la alimi, midzi inayi. Chaka chatha tekiniku wa zaulimi anabwera pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera ku Fingoe. Anati bungwe lathu lapatsidwa mpando umodzi kumsonkhano wa alimi a distritu yonse, ndipo wosankhidwayo alandira njinga yatsopano. Za njinga ndinamva bwinobwino. Zinazo ndinamva pang'ono. (Yanga ndimaimitsa ndi chidendene.)

Anatinso dera ligawidwe m'mazona anayi, zona iliyonse ndi chidebe chake choponyamo voti. Anafuna wodziwa njira zonse. Ndine, ng'ombe zinandiphunzitsa. Anandipatsa katoni ndi kaneta yolembera kuti ndijambule mizere ya mazonawo.

Wopikisana nane anali mlamu wanga Zakeyu, mlongo wa mkazi wanga, munthu wa pakamwa pokoma. Ndinaganiza motere: wopambana mazona ambiri ndiye atenga mpando. Palibe anandiuza zimenezi. Ndinadziuza ndekha.

Basi, onse oseka nthabwala za Zakeyu ndinawaunjika m'zona yachinayi, chidebe chawo kutsidya kwa mtsinje. Mzere unayambira pamjigo, kukhota pachulu, kuwoloka mtsinje, kubwereranso, n'kudutsa pakati pa nyumba ya mnansi wanga Bonifasiyo ndi khola lake.

"Achimwene, ine ndili zona iti?" anafunsa Bonifasiyo.

"Inu yachinayi. Mbuzi zanu yachiwiri."

"Mbuzi zivota?"

"Zikanavota, zikanasankha bwino kuposa inu."

Vuto linali apongozi anga. Amakhala pafupi ndi ine, koma mayi sangataye mwana wake. Mzere unazungulira nyumba yawo ngati msampha wa mbewa. Mkazi wanga anaiyang'ana katoniyo nthawi yaitali.

"Atate ake Rozita, ichi n'chiyani? Matumbo a nkhuku?"

"Ndi mapu."

"Amayi akavotere kutsidya ndi bondo lawo lija?"

"Mzere wanena."

"Mzere uli ndi pakamwa?"

Ndinapinda katoni yanga. Iye anangoti "chabwino" n'kutuluka. (Ndikanakhala wanzeru, ndikanaopa pamenepo.)

Ife timavota ndi mbewu. Chimanga chinali changa, nyemba za Zakeyu. Koma tsikulo aliyense anapatsidwa njere zitatu.

"Mtedzawu ndi wa yani?" ndinafunsa tekiniku.

"Wa akazi anu. Azimayi anawalembetsa dzana."

Nthawi yomweyo ngolo inadutsa, apongozi ali pamwamba, azimayi akuimba kumbuyo, ulendo wa kutsidya. Ndinadzilimbitsa mtima. Aimbe. Zona yawo ndi imodzi, anga ndi atatu.

Masana zidebe zinafika pabwalo la sukulu. Ndinadikira kuti aziwerenge chimodzichimodzi. Tekiniku ananyamula choyamba n'kukhuthula pamphasa. Chachiwiri pomwepo. Chachitatu, chachinayi, mulu umodzi.

"Shefi, mwasakaniza mazona!"

"Titiyo," anayankha mwaulemu ngati kwa amalume ake, "mpando ndi umodzi, mulu ndi umodzi. Mazona aja anali oti anthu asayende kutali."

Onse amene ndinawayendetsa kutali anatembenuka kundiyang'ana. Bonifasiyo anaseka mpaka kukhala pansi.

Mphasa inangoti mbwee ndi mtedza. Nyemba zinaliko pang'ono. Chimanga changa chinali njere zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhuku inatola ziwiri asanawerenge. Palibe anaithamangitsa.

Zakeyu anandikumbatira. "Alamu, tagwa tonse. Koma njinga yalowa m'banja!"

Ng'oma inalira, thobwa linatuluka. Apongozi anavina ndi bondo lomwe lija. Anandikokera m'bwalo, nanenso ndinavina. Pang'ono. (Amene akuti ndinavina mpaka kung'amba buluku akunama. Linali long'ambika kale.)

Lero njinga yatsopano ija wopalasa ndine. Ku Fingoe ndi kutali, ndiye amake Rozita amakhala kumbuyo ndi kaderno lawo lolembamo za msonkhano. Tikafika pamphambano amandigwira paphewa: "Apa wongokani, a mapu."

Katoni ija inatseka pazenera pamene pankalowa mphepo. Nthawi zina ndimaima n'kuiyang'ana. Ndalakwa ndavomera. Koma pachulu paja mzere unakhota bwino.