Amene Anapita Kusukulu Si Ine

Lolemba, 4 Fevereiro, Moatize

Ndafika! Kuchokera ku Zóbuè mu shapa, minibasi ya kuno, yodzaza, nkhuku ya mayi wina ili pamiyendo panga ulendo wonse. Mwini wake sanandiyankhule, nkhukunso ayi.

Zimene ndanyamula:
- bilyeti yanga ya unzika
- setifikado ya Folomu 2, yokulunga m'mapulasitiki awiri
- zithunzi zinayi, zonse ndikuoneka ngati andigwira ndi mbuzi ya eni
- ovolosi yabuluu, yosavalidwapo
- pakimetro, kachida koyezera kunenepa kwa chitsulo, kogula kwa dalaivala wina pamalire
- supuni imodzi

Dongosolo ndi losavuta. Mawa ndilembetsa kusukulu ya ntchito zamanja. Kulembetsa kutsekedwa Lachisanu. Lolemba likubwerali ndiyamba kuphunzira torno, makina ozungulitsa chitsulo uku mpeni ukuchisenda ngati mbatata. Ndikamaliza, kumgodi wa malasha, chisoti kumutu!

Zaka khumi ndakhala ndikukonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Zóbuè. Chaka chatha ndinaperekeza mwini chigayo ku Tete ndi chitsulo chodyeka. Munthu wa torno anachigwira mphindi khumi zokha, aliyense n'kumamuti mestre, mmisiri wamkulu. Ine ndimapala chitsulo ndi tupa mpaka dzuwa kulowa, dzina langa ndi "iwe wanjinga". Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Dzulo ndinatsanzika msika wonse, benchi ndi benchi. Malo anga apansi pa mtengo ndasiyira wometa tsitsi.

Mnzanga wa ku Mithete, amene anati ndidzafikire kwake, kulibe. Anthu akumeneko anawasamutsa chifukwa cha mgodi, foni yake sikugwira. Pamene panali nyumba yake ndapeza mpanda wa waya. Ndapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa baraka yogulitsa mowa. Ndayeza msomali wapakhoma: mamilimita anayi. Ndayeza supuni. Palibe womuuza.

Lachiwiri, 5

Tsoka ilo!

Ku sekretariya kuli dona wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Wayala bilyeti apa, setifikado apo. Wayang'ana uku, wayang'ana uko.

"Uyu ndi ndani?"

"Ndine."

"Nanga uyu?"

"Ndinenso."

"Bambo, malo ndi a munthu mmodzi."

Ndamufotokozera zonse, mzere wonse kumbuyo kwanga ukumvetsera. Nkhondo itafika tinathawira ku Malawi, kwa amalume ku Mwanza. Pokandilembetsa sukulu amalume anangoti ndine mwana wawo, kuti aphunzitsi asafunse zambiri, n'kundipatsa dzina lawo ndi lina lachizungu limene linawasangalatsa tsiku limenelo. Zaka ankayeza ndi khutu: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Mutu wanga ndi waukulu chibadwire. Ndinabwezedwa zaka zitatu zotsatizana. Tsiku limene ndinaligwira, aphunzitsi analemba kuti ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe anatsutsa. Mtendere utabwera makolo anabwerera ku Zóbuè, ine n'kutsalira kumaliza Folomu 2. Nditabwera kuno, bilyeti anandilembera dzina la bambo ndi chaka chenicheni.

Ndiye patebulo la dona pali anthu awiri:
- wa bilyeti: zaka 30, wakuno, sanapondepo m'kalasi
- wa setifikado: zaka 27, masamu anakhoza bwino, kuno samudziwa

Dona akuti ndibweretse kalata yodindidwa yonena kuti awiriwa ndi munthu mmodzi. Zoti setifikado ndi yakunja tidzaziona pambuyo. Koma Lachisanu lisadutse.

Ndasuzumira pazenera la chipinda chophunzirira. Ma torno atatu, obiriwira. Imodzi ikuzungulira, tizitsulo tikugwa topotana. Ndaima pamenepo mpaka mlonda wandifunsa amene ndikumudikira. Ndati palibe.

Lachitatu, 6, Zóbuè

Ndabwerera kumene ndinatsanzika.

Ndatsika shapa isanafike pamsika, n'kudzera m'minda ya chimanga kuti asandione. Pachabe! Mayi wogulitsa tomato wanditulukira pakati pa mizere ndi dengu kumutu: "Mestre, mwamaliza kale? Sukulu za masiku ano n'zachangu!" Pofika masana msika wonse ukudziwa. Wometa tsitsi wapachika kale galasi pamsomali umene ndinkapachika matayala.

Sekretariyo wa bairro, mlembi wa dera lathu, wandilandira pakhonde. Chidindo chili m'thumba la malaya, ndikuchiona. Wawerenga mapepala onse awiri kawiri, setifikado ataizondotsa. Akuti ine amandidziwa, ndinamukonzerapo njinga kawiri, kamodzi bwino. Koma mnyamata wa ku Malawiyu sanamuonepo, ndipo iye sadindira munthu amene sanamuonepo. Ndamuuza kuti akumuyang'ana. Akuti ayi, akuyang'ana ine.

Pakufunika wamkulu wodziwa onse awiri adinde chala, amfumu akumeneko atsimikize, kenako iye adinde. Bambo ndi mayi ali kumanda. Atsala amalume.

Kunyumba ndinasesa n'kutseka ngati wopita ku Joni. Mchere ndinapatsa aneba, mphasa ndinabwereketsa. Ndadya mapeyala awiri choimirira.

Lachinayi, 7, kwa amalume

Ndawoloka malire m'mawa kudzera njira ya m'phiri, imene aliyense amadzera. Papita zaka khumi ndisanafike kuno. Amalume akalamba koma maso akadali ochenjera. Andikumbatira, andikhazika pampando wawo. Ndamva bwino, ndisaname. Sabata yonse palibe wandigwira ngakhale dzanja.

Watuluka mayi wosamudziwa, ana atatu kumbuyo. Amalume amuitana kuti abweretse madzi, ndipo dzina limene amuitanira ndi lija la pa setifikado yanga. Mkazi wa dzina langa! Ndacheuka kuona ngati pali wina.

Titatsala awiri, nkhani yatuluka. Mwana wawo womaliza, msuweni wanga, sukulu analekeza Sitandade 5. Ku Blantyre kunapezeka ntchito yosunga katundu, yofuna wa Folomu 2. M'sutikesi ya amalume munali fotokope ya setifikado yanga. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano msuweni akugwira ntchito ndi dzinalo. Anakwatira nalo kutchalitchi. Ana analembetsa nalo kusukulu.

"Dzinalo linkangokhala, mphwanga," atero amalume. "Unalisiya pano. Ukanafuna kuti liwole?"

Ndatulutsa pepala langa loti adinde chala. Aliyang'ana, manja apinda kumbuyo. Akuti pepalali likafika kwa amfumu mudzi wonse udziwa, Blantyre imva pasanathe sabata. Aloza ana ndi chibwano: "Ndikadinda apa, awa adya chiyani?" Kenako, maso ali papulasitiki yanga, angotchulako kuti bwana watsopano kuntchito kwa msuweni sakufunanso fotokope, akufuna setifiketi yeniyeni mwezi usanathe. Sanapemphe. Amalume sapempha.

Ndakwiya mpaka makutu kutentha. Ndiye mlamu wabwera ndi kope la mwana wamkulu, masamu onse olakwa, akudandaula kuti sakudziwa kumene mwanayu anatengera umbuli. "Bambo ake anali katswiri wa masamu, zili pasetifiketi." Sakudziwa kanthu, mayi wachisoni. Ndamukonzera mwanayo masamu atatu.

Wa setifikado ali ndi:
- mkazi waulemu
- ana atatu
- nyumba yamalata
- yunifolomu

Wa bilyeti ali ndi supuni.

Ndabwerera pepala lili loyera. Amalume andiperekeza mpaka pamtsinje, akukamba za mvula.

Lachisanu, 8, Moatize

Tsiku lomaliza. Mu shapa ndaganiza zosema chidindo ndekha ndi labala wa tayala. Ndingathe, manjawa ndi anga. Ndaganiza za ndende ya ku Tete ndi kutentha kwake, ndasiya.

Ndavala ovolosi, mwina ithandiza. Dona wandizindikira ndili pakhomo: "Mwabwera nonse awiri?" Mzere waseka. Inenso ndaseka, nanga n'kutani.

Akuti popanda kalata palibe chimene angachite, ndipo ndikuona kuti sakunena mwankhanza. Wandipatsa nzeru: wa bilyeti akayambe sukulu ya akuluakulu madzulo, akafika kalasi yachikhumi adzabwere. Ndawerenga zaka pa zala. Zala za dzanja limodzi sizinakwane.

Mphunzitsi wa torno, bambo waimvi wa zala zinayi kudzanja lamanzere, wadutsa n'kuona pakimetro m'thumba langa. Watulutsa bawuti, wati ndiyeze. Ndayeza. Watulutsa ina. Ndayeza, ndamuuzanso kuti yadyeka mbali imodzi. Wagwedeza mutu, wayang'ana mapepala awiri aja patebulo.

"Manja ndawaona. Koma ndilembe ndani?"

Hafu pasiti filii zenera latsekedwa. Mayina awamata pakhoma. Ndawerenga onse mpaka pansi, ngati kuti limodzi mwa anga awiri likhoza kulowa lokha.

Loweruka, 9

Ndazungulira magalaja anayi kufunsa ntchito yothandizira. Awiri akufuna bilyeti ndi setifikado. Amodzi akufuna wachibale. Kwinako kuli galu.

Ovolosi yada bii ndi fumbi la malasha. Sinagwirepo ntchito ngakhale ola limodzi, koma ikuoneka ngati ya mestre weniweni. Munthu wina pamsewu wandifunsa ngati kumgodi akulemba anthu. Ndati afunse Lolemba.

Ndakhala pafupi ndi njanji kuonerera sitima ya malasha. Yaitali zedi! Gudumu lililonse pamenepo linadutsa m'manja mwa munthu wa torno. Ndayamba kuwerenga mabogi, ndasokonezeka, ndasiya.

Mwini chipinda wafunsa ngati ndikhalabe. Ndi munthu yekhayo ku Moatize amene wafuna kudziwa za mawa langa. Ndakwera shapa yamasana.

Lamlungu, 10, Zóbuè

Kutchalitchi sindinapite. Sindikufuna kumva "mestre" kawiri.

Masana kwamveka odi. Mlamu, wapansi kuchokera ku Malawi, thukuta lili kamukamu, dengu la mbatatesi kumutu. Amalume amutuma. Amuuza kuti zaka zonsezi ine ndakhala ndikusungira mwamuna wake setifiketi, chifukwa kuno kulibe chiswe. Wagwada pakhomo, wathokoza, wapepesa kuti andivutitsa nthawi yaitali.

Ndikanatha kumuuza. Mawu anali pakamwa. Ndayang'ana mapazi ake a fumbi, ndalowa m'nyumba, ndatenga pulasitiki.

Ndawerenga komaliza ndili chilili kuseri kwa chitseko. Chichewa, Chingerezi, sayansi, masamu. Ndatuluka n'kumupatsa ndi manja awiri. Waitembenuza, akuti ndasunga bwino, ngakhale banga palibe. Waikulunga m'chitenje pachifuwa. Madzi wakana, akuti ana ali okha.

Mbatatesi ndi zambiri kwa munthu mmodzi. Zina ziwola.

Mawa ndikafunsa wometa tsitsi ngati mthunzi ungakwane anthu awiri. Sukulu ya madzulo, kaya. Mwina chaka chamawa, mwina ayi.

Mayeso a masamu aja ndinalemba ndili ndi malungo, padesiki la pafupi ndi chitseko, pensulo yobwereka. Funso lomaliza linali la thanki yodontha, kalasi yonse linaigonjetsa, ine ndinalipeza belu litatsala pang'ono kulira. Ndinatuluka ndikunjenjemera, ndikuseka ndekha. Zimenezi tsopano ndikudziwa ndine ndekha.