Zokala pa Hafukoloni ya Ba Chanda

Aliyense amene akufalitsa m'Matero muno kuti ine ndinanama pa mlandu wa ndalama ya Ba Chanda aimirire ndimuone nkhope. Ine bodza ndimadana nalo. Zaka zonse zimene ndinakonza mawotchi pamsika sindinauzepo munthu kuti wotchi yake yachira ikudwalabe, ndiye lero anthu amene sanagwirepo siliva azinditcha wabodza?

Ba Chanda anali mnansi wanga, Mbemba wa ku migodi, wokwatira Esinati, mwana wa kwathu kuno amene makolo ake anachokera ku Nyasalande. Bambo awo a Ba Chanda anawasiyira hafukoloni ya siliva weniweni, ya mutu wa mfumu ya Angerezi, imene inkakhala m'chitini cha fodya. Atamva kuti m'tauni muli mzungu wogula ndalama zakale, anapita nayo. Mzunguyo anaipendeketsa pa kuwala, naibweza, nati wina waikwecha ndipo yatha ntchito. Madzulo ake katundu wa Esinati anali atamangidwa kale pakhonde, apongozi ake akulalata kuti mkazi wotsuka chuma cha amuna ake ndi phulusa ngati poto abwerere kwao. Nkhani inafika kwa tcheyamani wa chipani wa chigawo chathu, ndipo tcheyamaniyo anatuma anthu kwa ine, pakuti diso langa linkadziwika mpaka ku Chawama.

Diso limenelo musaliyeze ndi ili la lero. Masiku amenewo ndikavala galasi langa la mawotchi ndinkaona nsabwe ili pamutu wa munthu ku Kanyama ine ndili ku Matero, n'kudziwanso ngati yadya kapena ayi. Mukumva? Ndinaika ndalamayo pa mpango woyera, n'kuigwira m'mphepete, chifukwa chala chimasiya thukuta ndipo thukuta limadya siliva, ndiye ndinayamba kuwerenga mawanga ake monga mmene inu mumawerengera nyuzipepala: lakuda ili ndi utsi wa mbaula, ndipo makala ake anali a msuku, lofiirira ili ndi mphira wa tayala umene anamangira chitini, loyera ngati mkaka ili ndi thukuta la malemu bambo awo, la tsiku limene anathawa madzi mumgodi, moti nditanunkhiza ndinamva ndi mantha awo omwe, kadzenje ka m'mphepete ndi dzino la wogulitsa nyama amene ankayesa ngati ndi siliva, dzino lachitatu kuchokera kumanzere, lobooka. Apongozi anavomera kuti wogulitsa nyama wotero analikodi.

Kenaka ndinafika pa timizere topyapyala tozungulira nkhope ya mfumu, timene tinabweretsa mlandu. Ndinayang'anitsitsa mpaka diso linalowa m'kamzere kamodzi, ine n'kulitsatira, n'kuyenda m'menemo ngati mumgula wa madzi, kutsika, kukhota, mpaka ndinatulukira pa khutu la mfumuyo n'kupeza likunjenjemerabe. Apo ndinadziwa zonse. Ndinauza bwalo kuti zokala za phulusa sizioneka choncho. Izi zinachitika tsiku la ufulu, pamene mfuwu wa anthu unagwedeza malata a Matero yense n'kulowa m'chitini, mfumu ya azungu ija inamva kuti dziko lapita, inayamba kuzungulirazungulira kufuna pobisa nkhope, n'kudzikhula yokha pa chitini mpaka tsaya linayera.

Ba Chanda anadzuka, nati, "Imwe ba Phiri, ndalama ingayende bwanji yeka? Ivi ni vaboza."

Tcheyamani anawayang'ana, nafunsa mofatsa, "Ba Chanda, mukamba kuti mfumu ya bazungu siinachite mantha pa ufulu wathu?"

Amene simunakhaleko zaka za chipani chimodzi simungadziwe kulemera kwa funso limenelo. Munthu ankalephera kulowa mumsika chifukwa chosowa khadi la chipani chabe. Ba Chanda ananena kuti mantha inachitadi, ndipo poganiza bwino akukumbukira kuti tsiku limenelo chitini chinkalira. Apongozi anawonjeza kuti iwo anachimva kawiri. Tcheyamani analamula kuti ndalamayo isagulitsidwe kwa mzungu aliyense chifukwa ndi mboni ya dziko, ndipo Ba Chanda ananyamula okha katundu wa mkazi wawo kubwezera m'nyumba, anthu akuimba nyimbo za chipani.

Ndiye amene mukuti ndinanama, tandiuzani, analipo ndani wina wa galasi? Chimene chimandipweteka n'chakuti ngakhale Esinati sanandilemekeze mokwanira. M'mawa mwake ndinamupeza pampopi, anthu atachoka, n'kumulangiza mwaulemu kuti siliva satsuka, kuda kwakeko ndiye mtengo wake, ndipo ngati manja amuyabwa akweche mapoto. Iye osathokoza, anangondifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndinadziwa bwanji? Phulusa linali likadali m'khutu la mfumu, ndipo ndinalichotsa ndekha ndi chikhadabo tcheyamani akuyang'ana kumbali. Ana asanu ndi awiri anabadwa m'nyumba imene ija pambuyo pake, ndipo awiri a iwo mwakhala nawo pano mukundiseka.