Chidole chimene anachiitanira abusa

Ndikatsika minibasi ku Nkana West masiku ano, ndimayenda chozyolika ngati munthu amene wataya kiyi. Si ukalamba ayi. Pali msewu umodzi kumeneko umene umandidziwa kuposa mmene ndikanafunira, ndipo zonse zinayamba ndi mtima wabwino.

Ine ndinagwira ntchito mu mgodi zaka zambiri, kukonza mapampu a madzi pansi pa nthaka. Nditapuma pa ntchito ndinazindikira kuti tsiku ndi lalitali ukamangokhala pa khonde ku Kamitondo. Nthawi imeneyo mdzukulu wanga Mapalo, mwana wa Esnati wanga woyamba, anali pafupi kukwanitsa zaka zisanu. Ndinalowa m'sitolo ina m'tauni kukaona zidole. Ndinanyamula chimodzi, n'kuchitembenuza uku ndi uku monga tinkachitira ndi zitsulo. Nsalu, thonje, mabatani awiri, basi. Ndinachibwezera pa shelefu ndikuseka chamumtima. Munthu amene ankamasula pampu yaikulu ngati chipinda angalephere kusoka kanthu kotere?

Amai a kunyumba anali atapita ku Katete kukadwazika akulu awo. (Akanakhalapo, nkhani ino sikanabadwa.) Makina awo osokera ndinawayesa tsiku loyamba, ndinathyola singano ziwiri, n'kuwavundikira bwinobwino mmene ndinawapezera. Ndinatenga singano ya m'manja, ija yaikulu yosokera matumba a chimanga.

Thupi la chidolecho ndinalidula pa buluku langa lakuda limene linaleka kundikwana. Delesi linali la kansalu kofiira kamene ndinakapeza m'chikwama cha amai. Maso anali mabatani a ovolosi yanga yakale, lina lalikulu, lina laling'ono, poti ndi amene analipo. Pakamwa ndinafuna kuti pazimwetulira, koma ulusi wofiira unayenda mopingasa, ndiye panaoneka ngati pakamwa posokedwa kuti pasaulule chinsinsi. Ndinati palibe kanthu, mwana saona zimenezo. Tsitsi ndinameta pa wigi yakale ya amai.

Thonje la mu pilo linathera m'chiuno. Ndinapita kwa kalipentala wina ku Buchi kukapempha utuchi, ndipo pofuna kuti chizinunkhira bwino ndinasakanizamo masamba ouma a mandimu. Kenaka nzeru zinandichulukira. Ndinaika nyemba zisanu m'kabotolo ka mapiritsi n'kukalowetsa m'mimba mwake kuti chizilira mwana akachigwedeza. Pachifuwa ndinasokapo dzina lake ndi ulusi wofiira womwe uja. Nditamaliza, singano inasowa. Ndinaifuna pansi pa mpando, m'matumba, m'nsapato, osaipeza. Ndinangoti idzaoneka yokha.

Loweruka m'mawa ndinachikulunga m'pulasitiki wakuda, wamfupi pang'ono moti mutu unatsala kunja, ndi kukwera minibasi ya ku Nkana West, kwa Esnati. Ndinafika cha m'ma eyiti koloko, n'kupeza onse atuluka. Galu yekha ndiye anandiyankha. Ndinachimangirira pa geti ndi waya, mwaluso ndithu, osasiya kalata. Ndinkafuna adzafunsane okha kuti kodi mmisiri ameneyu ndani. Kenaka ndinapita ku Buchi kukasewera nsolo ndi anzanga.

Cha m'ma leveni foni inalira. Anali Esnati.

"Atate, bwerani msanga. Atiikira chinthu pa geti."

"Chinthu chanji?"

"Cha ufiti, atate. Sindinaonepo chinthu choopsa chotere."

"Musachikhudze!" ndinakuwa mpaka anzanga anasiya nsolo. "Thirani mchere mozungulira. Mwana mutsekereni m'nyumba. Ndikubwera."

Muziseka, koma ndikunena zoona: m'minibasi monse nkhawa yanga inali yakuti mfitiyo yaika chinthu chake pafupi ndi mphatso yanga, ndipo anthu aziopa kutenga mphatsoyo.

Ndinapeza pabwalo pali anthu oposa khumi. Panali apongozi anga, bashi Mapalo (bambo ake a Mapalo m'Chibemba), mwamuna wake wa Esnati, amene ndi Mbemba wofatsa wogwira ntchito mu ofesi. Panali aneba angapo, ndiponso abusa a ku tchalitchi kwawo, atavala suti nthawi yotentha ija. Ndinayang'ana pa geti, mphatso palibe, patsala waya wokha. Ndinayang'ana pansi. Pakati pa mzere wa mchere, chitagona chagada, diso lalikulu likuyang'ana kumwamba, chinali chidole changa.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaseka n'kunena kuti pepani, ndi changa. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma mai wina amene anaima pafupi nane anayamba ndiye kulankhula.

"Amene anapanga ichi si munthu. Taonani nkhopeyo. Manja a munthu wabwinobwino sangatulutse nkhope yotere."

Ndinatseka pakamwa.

"Mwachita bwino kubwera, apongozi," anatero bashi Mapalo, atapinda mawondo pang'ono. "Taonani, alembapo ndi dzina la mwana."

"Ee, ndaona," ndinayankha. "Koma zilembo zake n'zooneka bwino."

Palibe amene anandimva, chifukwa nthawi yomweyo abusa anachikankha ndi leki yosesera masamba, ndipo nyemba zija zinalira m'mimba. Anthu anabalalika. Mnyamata wamkulu, wa ndevu zake, analumpha maluwa n'kukabisala kuseri kwa galimoto. Abusa okha anaima nji, kunena zoona anali olimba mtima. Anaitanitsa lumo, navala mapulasitiki m'manja, n'kuyamba kuching'amba pamimba. Ntchito yanga ya masiku asanu ndi anayi.

Munatuluka utuchi. Anthu anati, "Dothi la kumanda." Munatuluka masamba. Anati, "Mankhwala." Munatuluka kabotolo, abusa anakatsegula n'kuwerenga nyembazo mokweza, ndipo atafika pa faifi Esnati analira kuti, "Zaka za mwana wanga!" (Apo ndiye sanalakwitse. N'chifukwa chake ndinaikamo zisanu.) Pomaliza abusa anapisa chala m'chifuwa mwake, nasolola singano yanga ija, yaitali, ikung'anima padzuwa. Ndinatsala pang'ono kufuula kuti ndi imeneyo! Koma ndinadzigwira nditaganiza kuti Mapalo akanachikumbatira.

"Ba Shikulu," anatero abusa, kunditchula monga amanditchulira mdzukulu wanga, "inu ndinu wamkulu wa banja lino. Titsogolereni pemphero lothamangitsa amene wachita zimenezi."

Ndinavula chipewa. Ine ndine Mkatolika, mapemphero athu ndi ofatsa, koma limeneli linafatsa kuposa onse.

"Ambuye, mukhululukireni munthu ameneyu. Mwina analibe cholinga choipa. Mwina ndi kusadziwa chabe, kapenanso zipangizo zinamuchepera..."

"Awe, ba Shikulu!" abusa anandidula. "Mfiti sitiinyengerera. Moto!"

"Moto!" anayankha anthu onse.

"Moto," ndinatero nanenso chapansipansi, kudziitanira ndekha.

Ndikanatha kupirira mpaka achiotche, ine n'kubwerera ku Kamitondo ndi chinsinsi changa. Ndinali nditaganiza kale zotero. Koma mai uja wa nkhope anakumbukira kuti m'mawa anaona bana Chanda akusesa pafupi ndi geti. Bana Chanda ndi mai wamasiye wa nyumba yoyandikana ndi ya Esnati, amene anakanganapo ndi apongozi anga galu atagwira nkhuku zake. Dzinalo litangotchulidwa, aliyense anakumbukira kanthu. Wina anati mai ameneyu sapereka moni. Wina anati amakhala yekha, bwanji ana ake samuyendera? Bashi Mapalo, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anatuluka pa geti nkhope itasintha, anthu ali pambuyo pake. Anamenya geti ya mai uja ndi chibakera.

Bana Chanda anatuluka manja ali thovu la sopo. Anayang'ana gulu lija, nayang'ana chidole chimene abusa anachinyamula pa leki, kenaka anayang'ana ine.

"Imani," ndinatero. Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana. "Imani, apongozi. Ndasoka ndine."

Onse anatembenukira kwa ine.

Esnati anandiyandikira misozi ili mbwe. "Atate? Inu? Takulakwirani chiyani?"

"Ayi, mwanawe, si choncho! Ndi mphatso. Ya tsiku lobadwa la Mapalo. Ndi chidole."

Abusa anayang'ana chinthu chinali pa leki, nayang'ana ine, nabwerezanso kuchiyang'ana. "Chidole cha chiyani, mukwai?" anandifunsa mwaulemu wa Chibemba.

"Cha mtsikana."

Esnati anawerama, nagwira tsitsi lija ndi zala ziwiri, n'kulinunkhiza. "Kodi iyi si wigi ya amai?"

Woyamba kuseka anali wa ndevu uja. Kenaka zinafalikira, mpaka Esnati anakhala pansi m'mbali mwa msewu akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Bashi Mapalo sanaseke. Ulemu sunawalole kuseka apongozi awo, ndiye anangoyang'ana kumwamba, mapewa akugwedezeka. Pambuyo pake anagwada pamaso pa bana Chanda kupepesa, ine n'kugwada pambali pawo, mawondo akulira.

"Ine ndinakuonani m'mawa mukuchimangirira," bana Chanda anandiuza akupukuta manja pa chitenje. "Ndinati, ndikatchula mdala uyu pamaso pa ana ake, banja litha. Ndiye ndimadikira kuti ndione ngati muli ndi pakamwa."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuseka konse kuja.

Tsiku lotsatira, titaweruka ku Misa, ndinamutengera tambala bana Chanda. Anamulandira, koma anati akufunanso chinthu china: ndisokenso chidolecho, ndimupatse. Ndinaganiza kuti potsiriza wapezeka munthu wodziwa luso. Ndinachisoka mosamala, n'kuchotsa dzina la mwana. Iye anakachipachika pa mtengo m'dimba lake la repu ndi tomato kuseri kwa nyumba, kumene akuba ankadumphira mpanda. Akuti kuyambira tsiku limenelo sanabedwepo ngakhale tsamba limodzi, ndipo anzake awiri a kumsika atumiza kale uthenga kuti ndiwasokere zawo. Mapalo ndinamugulira chidole cha m'sitolo. Amai atabwera kuchokera ku Katete anamva nkhani yonse osaphethira, nangofunsa funso limodzi, la wigi, limene sindinamalize kuyankha mpaka pano.

Ndinaphunzira kuti mphatso uzipereka m'manja, ndipo kuti munthu ukalakwa uzilankhula msanga anthu asanafike pa geti ya mnzako. Zimenezo ndavomera. Koma pa nkhani ya nkhope ija, ine ndimaonabe kuti anthu anaweruza mofulumira. Mukachiyang'ana cha kumanzere, diso limodzi mutatsinzina, chimamwetulira ndithu.