Pepala la Bambo Lili Pansi pa Bedi

Lolemba

A zitupa afika kuno ku Mutorashanga, akhala mpaka Loweruka masana. Mwayi wanga ndi uwu! Chitupa changa chili ndi chilembo cha A, kutanthauza mlendo. Mlendo ine, wobadwira pa komboni ku Macheke, amene Malawi ndimangomuonera pa kalendala ya amayi. Akuti ndikabweretsa pepala la ntchito la malemu bambo, la pa purazi lija, famu imene ankagwirako ntchito, andikonzera.

Pepala lenilenilo chiswe chinadya kalekale. Koma ine si wogona. Ndinalijambula n'kulisunga mu seva yanga, kompyuta yakale yopanda sikirini imene ili pansi pa bedi kwa amayi. Rauta, kachipangizo kolumikizira seva ku intaneti, ndinatchera ndekha pa Khirisimasi, ndinatsegulanso poti, kakhomo koti ndizilowera ndili kutali.

Ndikutsegula laputopu. Kazungulire, kazungulire. Yakana.

Palibe vuto, masiku alipo.

Lachiwiri

Foromani wa pa sikelo yoyezera miyala ya kromu, pamene ndimagwira ntchito, akuti za tchuthi ndiiwale. Ku Macheke sindipita.

Ndikuimbira amayi pa kambudzi kawo, kafoni kopanda kamera kaja, kufunsa ngati timagetsi ta rauta tikuyaka.

"Kabokosi ka tinyanga kaja? Ndinakazimitsa mu Januwale. Kamangophethira tsiku lonse, kutha batire ya sola, ntchito yake osaioneka."

Januwale! Miyezi yonseyi ndakhala ndikudzitama pa sikelo kuti ndili ndi seva.

Ayatsa zonse. Yakanabe.

Lachitatu

Zimene zingakhale zalakwika:
- adilesi ya rauta yasintha. Imasintha ikazima, ndinkadziwa, sindinachitepo kanthu
- a netiweki atiunjika tonse kuseri kwa adilesi imodzi, ndiye khomo langalo ndi longojambula pakhoma
- nthambo yazuka posesa
- ine

Ndikupempha amayi andiwerengere manambala a pansi pa rauta. Magalasi akusowa. Apezeka mu buku la nyimbo. Akuwerenga chilichonse, mpaka dziko limene inapangidwa, kenako nkhani ya maliro a ku kwaya. Ndalemba manambala masamba awiri, palibe imodzi yothandiza. Mutu ukuwawa, mtima ukuwawa.

Lachinayi

Ndapempha Che Amidu, oyandikana ndi amayi, okonza mawailesi, kuti rauta ija angoizimitsa n'kuiyatsanso. Basi. Zimenezo zokha.

Akundiimbira mosangalala kwambiri.

"Ndapeza kabowo kumbuyoku, ndabaya ndi singano ya amayi ako mpaka magetsi onse kuti phi. Tsopano yabwerera ngati yatsopano, mwana wanga."

Ngati yatsopano! Poti yapita. Pasiwedi yapita. Ntchito yonse ya Khirisimasi yafufutika ndi singano yosokera. Ndikuti zikomo kwambiri, Mulungu awadalitse. Munthu wamkulu sungamukalipire, ndiye ndikukalipira sikelo.

Lachisanu

Pa mzere wa zitupa ndaona mdala wina wa ku mugodi akutuluka akuvina, A yake yachoka. Ndamuchitira nsanje, sindibisa.

Nzeru yomaliza: ngati ine sindingalowe mu seva, seva ibwere kwa ine. Ndikuuza amayi akweze bokosi lija pa kombi, mpaka Harare, kuchoka apo kuno. Nthambo zake zonse asaiwale.

"Ukananena Lolemba."

Zoona. Koma Lolemba ndinali katswiri.

Loweruka

Kombi yafika cha m'ma 11. Kondakitala akundiponyera mtolo. Ndi wopepuka. Seva singapepuke chonchi.

Zam'kati:
- chitenje chokulungira
- mtedza wokazinga
- mbatata ziwiri
- rauta, nthambo zake zopindidwa bwinobwino

Rauta! Maiwe!

Ndikuimbira amayi.

"Si kamene wakhala ukukalirira sabata yonse? La pansi pa bedi lija sunalitchule n'kamodzi komwe. Komanso unati muli zithunzi za bambo ako. Ine ndiwakweze kombi okha bambo ako?"

Sindinalitchuledi.

Ndikuthamangira kwa a zitupa, sindikudziwa kuti ndikatani. Akupinda matebulo. Ndaima pamenepo rauta ili m'khwapa, tinyanga tili m'mwamba. Mmodzi akuiloza, kufunsa m'chiyankhulo cha kuno ngati imagwira ntchito:

"Mukoma, inoshanda here?"

Ndikupukusa mutu. Galimoto yawo yapita, fumbi lokha.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, ndilibe nkhope.

Ndaiyatsa rauta patebulo langa, kungofuna kudzizunza. Timagetsi tonse tobiriwira, mbee! Sinayakepo bwino chonchi chiigulireni. Seva ili ku Macheke, yopanda polankhulira. A zitupa adzabweranso liti, palibe akudziwa.

Amayi aimba kufunsa ngati mtedza ndaulawa. Akumva mawu anga kuti sali bwino.

"Usadandaule mwanawe, bambo ako ndikuwasamala. Kuno kukuzizira, ndiye bokosi lija ndalifunditsa bulangete lawo lija, lolemera. Ndangoligwira pano, latentha bwino."

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za fani, kuti kompyuta ikasowa mpweya imapsa. Ndazisiya. Ndikungowapempha alizimitse kaye, bambo apume.

"Apumedi, anagwira ntchito mokwana pa purazi pano."

Ndikutulutsa chitupa m'thumba. A ali pomwepo. Ndikudya mtedza.