A Mwaisango ndi Pulogalamu Yopanda Mwini

Ku Kaporo kuno ukangotchula malemu a Ambokile Mwaisango, anthu amayamba kuseka usanamalize. Mkulu ameneyu sankalandira chinthu asanadziwe mwini wake ndi kumuthokoza. Chaka china madzi osefukira anawasiyira chitseko pakhomo, chabwinobwino, cha mahinjesi ake omwe. Wina akanati Mulungu wayankha pemphero. Iwo anachisenza pamutu n'kumakwera nacho mtsinje, mudzi ndi mudzi, akufunsa kuti, "Ndani akugona pambalambanda?" Anabwerako khosi litauma gwa, koma chitseko chitafika kwa eni ake.

A Mwaisango ndiwo ankasunga laibulale ya pa tchalitchi pathu, kachipinda kamodzi kuseri. Mabuku analimo ambiri ndithu, koma dongosolo lake ankalidziwa okha, ndipo masiku ena nawonso linkawathawa. Ukapita kukafuna buku la nyimbo, unkatuluka ndi la kawetedwe ka nkhumba. Akuluampingo anatopa nazo. Anagamula kuti ngati mabuku sakhala m'dongosolo pofika nthawi yokolola, chipindacho chisanduka nkhokwe ya mpunga wa chopereka, mabuku alowe m'makatoni.

Amene anatimvera chisoni ndi mayi Emma, namwino wochokera ku Ntcheu, wa m'kwaya yathu. Anabweretsa laputopu yawo yakale n'kutionetsa mapulogalamu atatu osungira mabuku. Ine ndinalipo, ngati wa m'komiti, ndipo kunena zoona sindinkatolapo kanthu.

"Onsewa ndi aulere, bambo. Ingosankhani imodzi," anatero mayi Emma.

"Eya. Mwini wake ndani?"

"Alibe mwini mmodzi. Anthu ambirimbiri padziko lonse amathandizana kuwapanga."

"Ndiye kuti ndi a mpingo?"

"Ayi."

"A boma?"

"Ayi, bambo. Aliyense akhoza kutsegula m'kati n'kukonza pomwe palakwika."

A Mwaisango anavula magalasi. "Mayi, nyumba yoti aliyense amalowa n'kusuntha mipando, kwathu timati bwinja."

Mayi Emma anafotokoza mpaka thukuta kamukamu. Pulogalamu yoyamba inali yaing'ono, yosafuna intaneti, yotiyenera ife kwenikweni. Yachiwiri inali yachikalekale. Yachitatu inali chimphona cha malaibulale a m'mayunivesite, yoti laputopu yathu ikanaiona n'kukomoka. Ine ndinati titenge yoyamba tizipita kwathu. A Mwaisango anakana kwamtuwagalu. Anati sangaike mabuku a Mulungu m'manja mwa anthu amene sanapatsane nawo ngakhale moni.

Mpunga unayamba kufiira m'minda, ife tikadali pa moni. Mlungu wina a Mwaisango anabwera ndi nkhuku yomanga miyendo, akuti ipite kwa amisiri opanga mapulogalamuwo. Mayi Emma atafunsa kuti ipita pa basi yanji, anabwerera nayo akudandaula kuti dziko lasokonekera. Ine mtima unandiwawa, abale. Ndinawauza maso ndi maso kuti atitayitsa laibulale chifukwa cha ulemu. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndine ndapenga.

Pomaliza mayi Emma anati, "Chabwino, nenani moni wanuwo, ndiulembe pomwe anthu a mapulogalamuwa amakambirana."

A Mwaisango anavala jekete, anakhala mowongoka kutsogolo kwa laputopu, n'kuyamba. Anatchula dzina lawo, la bambo awo, mudzi wawo, za mvula, za bondo lawo, kenaka n'kutseka ndi Chinkhonde: "Ndaga fijo," kutanthauza zikomo kwambiri. Moniwo unapita konse kutatu.

A mapulogalamu awiri anangoti zii. Amene anayankha ndi munthu wina dzina lake Jeffrey, wa kutsidya la nyanja, ndipo anali wa chimphona chija. Anafunsa za bondo, anafunsanso kuti ndaga n'chiyani.

"Basi, tatenga imeneyi. Ili ndi anthu oleredwa," anatero a Mwaisango.

Mayi Emma anagwira kumutu. "Bambo, imeneyi ndi lole, ife tikufuna njinga!"

"Njingayo yayankha?"

Choncho tinakwera lole. Laputopu inkalira ngati chigayo, kutentha kwake ukanawotchapo chinangwa. Jeffrey ndiye ankatiuza zoti tizimitse kuti iyendeko. Tinalowetsa mabuku limodzilimodzi, a Mwaisango akuwerenga mitu mokweza n'kumaima pakati kuti atiuze amene anapereka bukulo ndi matenda amene anamwalira nawo.

Tsiku lina anatuma mayi Emma kuti afunse komwe angatumize nkhuku ija. Jeffrey anayankha kuti kumeneko amathokozana ndi ntchito: ngati akufuna, amasulire mawu a m'pulogalamuyo m'chilankhulo chawo.

"Ndikatero, ndiye kuti nanenso ndine mwini wake?"

"Inde, bambo."

"Nanga ndizithokoza ndani?"

A Mwaisango anakwinya nkhope. Kenaka anaimirira, anawomba m'manja mwaulemu, n'kudziuza okha kuti ndaga. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, iwo osaona choseketsa.

Akuluampingo anabwera matumba a mpunga atayamba kale kufika pakhonde. Mmodzi anati tipeze buku la nyimbo. Mayi Emma analemba, kompyuta inatchula shelefu, ndipo bukulo linalidi pomwepo. Amene anadabwa kuposa onse anali a Mwaisango. Mpunga unakasungidwa kwina.

A Mwaisango anatisiya m'nyengo yozizira, ntchito yomasulira m'Chinkhonde itafika pakati. Laibulale ilipo, yaudongo, ndipo buku umalipeza usanakhale n'komwe pansi. Koma anthu salinso kuchedwamo. Amatenga, amatuluka, ndipo ine ndikalowamo ndimamva chisoni chomwe sindinachiyembekezere kwa munthu amene ankandipsetsa mtima chonchija.

Mwezi watha Jeffrey analemba, kufunsa ngati madzi anaphwa ndiponso chifukwa chimene mkulu uja wakhalira chete. Mayi Emma amatsegula uthengawo, amauyang'ana, n'kutsekanso. Ine ndayesapo kumuyankha, koma ndimalekera panjira. A Mwaisango akanatikalipira koopsa: munthu wapereka moni, ife mpaka lero sitinamuyankhe.