Swichi Imene Inatsala Pang'ono Kuphika Mkwatibwi

Mpaka lero ndikamva munthu akudzitchula mmisiri wa magetsi pagulu, ine ndimangoyang'ana pansi. Ndinadzitchulapo, ndipo mathero ake mwana wa eni anaima m'mbali mwa msewu wa 401 pa tsiku la ukwati wake, atakwinya diresi m'manja.

Zinali zaka zija mafoni anali opinda, nditangotha miyezi isanu mu Canada muno. Kwathu ku Zomba ndinkaika mawaya m'nyumba za anthu, ndipo dzina ndinali nalo ndithu. Moti nditalowa mu fulati ya ku Scarborough n'kupeza kuti maswichi onse amayaka ukawakweza m'mwamba, ndinangopukusa mutu. Ndinati amene anamanga izi anali atalawako. Ndinatenga sikuludiraiva n'kuwatembenuza onse kuti aziyaka chotsitsa monga tidziwira. (Kufunsa munthu? Mmisiri safunsa.)

Kenako ndinadziwana ndi Che Jafali, mdala wa ku Mangochi amene ankakonza malamba onyamula katundu pabwalo la ndege. Kuno anali atakhalako zaka pafupifupi makumi atatu. Tsiku lina anandiitanira kwawo ku Mississauga n'kunditsegulira galaja.

Abale, ndinavula chipewa osadziwa. Munali galimoto yobiriwira, yam'munsi, ya mipando iwiri, yopanda denga. Ine ndinakula ndikudziwa kuti galimoto imabwera pa sitima ili yathunthu. Koma iyi inabwera m'mabokosi, zitsulo pazokha, mabawuti m'timatumba, ndi chibuku chonenepa cha malangizo. Mdalayu anaimanga yekha zaka zisanu ndi chimodzi, akaweruka kuntchito. Waya aliyense anali ndi kapepala kolembapo dzina lake. Atailiza, mkokomo unalowera kumapazi n'kudzandigunda pachifuwa. Ndinachita mantha aulemu, ngati ndaima pamaso pa chinthu chosayenera kukhudzidwa ndi manja osasamba.

"Ndinamulonjeza Amina ali kusekondale," anatero, kunena mwana wawo wamkazi. "Ndinati tsiku la ukwati wako ndidzakunyamula pa galimoto yomanga ndekha."

Ukwati utatsala tsiku limodzi, chinatsala chinthu chimodzi chokha: swichi ya fani yoziziritsa injini. Masiku onsewo ankangolumikiza mawaya awiri ndi zala pansi pa chiwongolero, koma sakanalola mawayawo kukola diresi la mwana. Vuto msana unali utawakana, kuwerama osatheka.

"Zochepa zimenezo, madala," ndinatero. "Ndiye ntchito yanga imeneyo."

Iwo analowa m'nyumba kukalandira alendo. Ine ndinagona chagada, miyendo m'mwamba, n'kuboola kabowo, kulumikiza, kukulunga tepi mwaukhondo. Ndinapotoza kiyi n'kutsitsa swichi, fani vuu. Kukweza, zii. Ndinaisiya m'mwamba, yozimitsa bwinobwino. Che Jafali atabwera anasuzumira n'kunena kuti, "Dzanja lanu ndi laukhondo, amisiri." Ndinatupa mpaka malaya kuthina. (Kuwauza kuti imayaka bwanji sikunandibwerere n'komwe. Swichi amaphunzitsa munthu?)

M'mawa mwake dzuwa linaswa mtengo. Tinanyamuka mondondozana kupita kumzikiti ku Scarborough, iwo ndi Amina patsogolo, ine pa galimoto yachitatu, nditanyamula mapoto a pilawu kumpando wakumbuyo. Anthu m'magalimoto ena ankatsitsa magalasi, kuimba mahutala, kukweza zala. Ine ndinkafuna nditulutse mutu ndikuwe kuti nanenso dzanja langa lilimo.

Pakati panjira magalimoto anathithikana. Tinayamba kuyenda ngati maliro, kenako kuima. Apo ndipo ndinaona nthunzi yoyera ikufuka kutsogolo kwa galimoto yobiriwira ija. Che Jafali anakhotera pambali n'kuzimitsa. Amina anatsika akutsokomola. Ndinkadziwa kuti injini ikapsa imakhala yapsa, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zija zikanathera pamenepo.

Ndinathamanga n'kusuzumira mkati. Swichi ili m'mwamba.

"Madala, bwanji simunayatse fani?"

"Ndinaipeza yoyatsa kale. Si iyi ili m'mwambayi?" anayankha modekha. "Singano ya kutentha ndimaiona ikukwera, koma ndimati fani ikuzungulira. Nanga si mwamanga ndinu?"

Ndinapotoza kiyi, n'kutsitsa swichi. Fani vuu. Nthawi yomweyo ndinakumbukira maswichi a mu fulati yanga, ndipo ndinazindikira kuti woledzera uja sanali mmisiri wa ku Canada ayi.

Amina, amene anabadwira kuno ndipo Chichewa chake n'chothyokathyoka, anandiyang'ana misozi ili m'maso. "Ankolo, ndiye kwanu kuyatsa ndi pansi?"

Ndinadikira kutukwanidwa, ndipo ndinali wokonzeka kulandira. Koma Che Jafali anangogwira kaswichiko, kukweza, kutsitsa, kukwezanso, kutsitsanso, ngati munthu wapeza chithunzi chakale m'thumba la jekete.

"Si kwawo, Amina. N'kwathu," anatero chapansipansi. "Magetsi atangofika kusukulu kwathu tinkalimbirana kutsitsa swichi. Ine ndinaiwala. Taonani, ndinaiwaliratu."

Kenako ndinaona umisiri weniweni. Sanapupulume. Anadikira injini izizire, magalimoto akudutsa, foni ya Amina ikulira osaleka. Anakulunga nsanza padzanja, kutsegula chivundikiro cha madzi a injini pang'onopang'ono, n'kuthira madzi a m'mabotolo amene tinanyamulira alendo. Atailiza anatseka maso, khutu pafupi ndi injini, kumvetsera nthawi yaitali. 

"Yatikhululukira," anatero. "Kwera, mwanangu."

Tinafika titachedwa ndi ola lathunthu, ashehe atayang'ana wotchi mpaka kutopa, mkwati atatuluka thukuta kunyowetsa mkanjo. Koma Amina anatsika pa galimoto yomanga bambo ake, ndipo amayi analuluta mpaka anthu a nyumba zoyandikana kusuzumira pamawindo. Ine ndinabisala kuseri kwa mapoto a pilawu.

Patapita sabata ndinapita ndi sikuludiraiva yanga kukapepesa ndi kukatembenuza swichi ija.

"Isiyeni momwemo," anatero Che Jafali.

Ndinayang'ana. Pansi pa swichiyo anali atamatapo kapepala ngati ka mawaya ena onse aja, atalembapo ndi dzanja lawo: KWATHU.

Maswichi a mu fulati ndinawabwezeretsa, mwini nyumba atandilankhula mawu amene sindingawabwereze pano. Phunziro ndinalimva ndithu, mutu unagwira. Koma chala sichinamve. Mpaka lero ndikalowa m'chipinda cha mdima chimathamangira kukanikiza pansi, ndipo ndimaima kaye mumdimamo ndisanakumbuke kumene ndili.