Mzamba wa Mtundu Uti?

Lolemba

Penti wauma m'chipinda. Bedi lafika kuchokera kwa owotcherera a ku Migowi. Chikwangwani chili kuseri kwa chitseko. Sindichikhoma mpaka mapepala atakwana.

Miyezi isanu ndi itatu chipumireni ntchito kuchipatala cha boma. Manja amene ankalandira ana pano akungosenda nandolo.

Dongosolo la mlungu uno:
1. Kulembetsa ku bungwe lathu la anamwino ndi azamba ngati mzamba woima payekha.
2. Inshuwalansi ya ntchito, yoteteza mayi ndi ine zinthu zikavuta.
3. Esitere, mpongozi wa a Nangondo oyandikana nane, adzakhale woyamba kuchirira muno. Mwa kuwerengera kwanga watsala ndi milungu iwiri. Nthawi ilipo.

Lachiwiri

Fomu yolembetsera ikuti ndiphatikize umboni wa inshuwalansi. Ndizomveka. Ndikuimbira kampani ina ya ku Blantyre. Akuyankha ndi bambo aulemu.

"Ntchito yanu, mayi?"

"Mzamba."

Kenako motsitsa mawu, ngati wondibisira mlandu: "Mayi, azambatu analetsedwa kubereketsa kumudzi."

Ndikufotokoza kuti liwu ndi limodzi koma anthu ndi awiri: pali mzamba wa kumudzi, pali mzamba wa kusukulu, wa satifiketi. Ine ndine wachiwiriyo.

"Onse amatero," akutero.

Lachitatu

Ndachotsa satifiketi pakhoma, ndi felemu yomwe. Ulendo wonse wa minibasi ili pamiyendo ngati khanda.

Ku ofesi akuiyang'ana, akuitembenuza. Inshuwalansi zomwe ali nazo:
ya galimoto
ya moto
ya mbewu
ya maliro ("imeneyi ndiye ikuyenda kwambiri, mayi, tikulembeni?")

Wotuluka m'dziko lapansi amamudziwa. Wolowa ayi.

Abwana awo akuti mwina n'zotheka, bola ndibweretse chilolezo cha kiliniki. Chilolezo chikufuna inshuwalansi. Inshuwalansi ikufuna chilolezo. Ndajambula zimenezi papepala pobwerera kuti ndione pomwe ndalakwitsa. Sindinalakwitse.

Lachinayi

A Nangondo afika ndi Esitere, aima pakhomo la chipinda chatsopano.

"Anesi, kodi mwana potuluka amafunsa pepala?"

Ndikuwayankha ndi mfundo: mwana safunsa, koma magazi akayamba kutayika, onse amafunsa, ngakhale iwowo. Apukusa mutu mosavomereza.

Ndamugwira Esitere pamimba, ngati mnansi chabe. Mutu uli pansi, msana kumanzere, akukankha bwino. Zala zadziwa ndisanaganize. Ndachedwa kuchotsa dzanja. Zina zomwe ndamva sindizilemba, si mfundo.

Lachisanu

Kampani yaimba. Kompyuta yawo ilibe ntchito yotchedwa mzamba, ndiye andiika m'gulu la "asing'anga ndi azitsamba." Yakana yokha, atero, palibe munthu wandikana.

Akuti ndilembe "namwino," zidutsa. Ndikufunsa ngati ikhudzanso kubereketsa. Ayi. Mabala, jakisoni, kuyeza kuthamanga kwa magazi.

Kumanga mabala ndimatha. Koma sindinapentere chipinda chifukwa cha zilonda.

Madzulo ndapukuta bedi lopanda fumbi.

Loweruka

Nkhani yafika kale kumsika, itapindika: akuti mzinda wandikana chifukwa ndine mzamba wachikuda. Mayi wina watsika kuchokera kumunsi kwa Michesi, wandikokera kuseri kwa nyumba, akufuna mwanamphepo woti mwana wake woyembekezera achire msanga.

Ine! Amene ndakalamba ndikulalikira kusikelo kuti mankhwala amenewo amang'amba chiberekero.

Ndamukhazika pansi, ndamuphunzitsa theka la ola, ndi chithunzi chomwe. Wamvetsera bwinobwino. Pochoka akuti: "Ndamva, amayi. Ndibwerenso pakakhala palibe anthu."

Lamulungu

Belu loyamba la kutchalitchi lisanalire, Esitere matenda amuyamba. Milungu iwiri ija ndinawerengera ndine, mwana sanawerengere nawo.

A Nangondo akuloza chitseko changa. Kuchokera pomwe taima mpaka pabedi ndi mapazi khumi. Magolovesi alipo, zonse zilipo. Ndayang'ana chitsekocho nthawi yotalikirapo kuposa yoyenera, ndiye ndaitana wa njinga yamoto.

Kuchipatala mzamba wa lero ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kumanga mchombo. Wandilonjera mopinda maondo. "Asisita, mutidikirire panja." Lamulolo ndinkalinena ndine, ndipo ndi labwino.

Ndili pabenchi ndi beseni ndi zitenje. Khoma ndi lopyapyala. Ndikumva "kankha, kankha," milomo yanga ikunena nawo. A Nangondo akunamizira kuti sakundiona.

Dzuwa lili pamutu, kulira kwa khanda. Kwamphamvu, kosadukiza. Mapapo abwino. Manja anga ali pamiyendo, otambasuka.

Chitseko chatseguka pang'ono. "Wodikirira Esitere ndani? Nsalu izi zikachapidwe."

Ndaimirira a Nangondo asanasunthe. Ntchito imeneyi sifuna pepala.